Kalata ya 1992 inafika bwanji kumudzi kwathu?

Lachitatu la Phulusa la chaka chino linandipeza ndili kumudzi, sukulu isanatsegulire. Tchalitchi chathu ndi nthambi chabe ya parishi, ndipo wansembe amatifikira kamodzi pa mwezi, mvula ikalola. Tsikuli sanabwere. Phulusa analidalitsira kuparishi, ndipo linabwera pa njinga yakapalasa, lili m'kachitini kokulungidwa m'pulasitiki. Amene anatipaka pachipumi ndi bambo wina wachikulire, mlimi ngati anzake onse, ndipo ndi yemwenso anatsogolera mapemphero. Nditabwerera pabenchi ndinakumbukira phunziro la mbiri lomwe tinali nalo semesita yapitayi, lokhudza kalata ya aepiskopi ya pa 8 Malichi 1992. Ndinadzifunsa funso lomwe m'kalasi sitinafunse: kodi kalata ija inafika bwanji pamalo ngati ano? Ndani anaima kutsogoloku n'kuiwerenga?

Nkhani ya kalatayi tonse timaidziwa mwachidule. Aepiskopi a Katolika analemba, boma la Kamuzu Banda linakwiya, anthu anatseguka pakamwa, ndipo patatha miyezi 15 dziko linavota pa riferendamu. Zimenezi n'zoona. Koma tikamaikamba chonchi timakhala ngati tikunena kuti mvula inagwa ndiye chimanga chinacha, osatchula amene analima munda. Kuti kalata igwedeze dziko pamafunika oinyamula, oiwerenga mokweza, ndi omvera ozindikira kuti ikunena za iwo. Mfundo yanga ndi yakuti mphamvu ya kalata ya 1992 inachokera m'moyo wamba wa parishi, womwe unaumbidwa pang'onopang'ono kwa zaka 90, ndiponso kuti panali chifukwa chomwe inawerengedwera Lamulungu loyamba la Lenti.

Ansembe ochepa, midzi yambiri

Ansembe a gulu la White Fathers anayesa kukhazikika kwa Mponda ku Mangochi mu 1889, koma anachokako mu 1891. Mpingo unazika mizu mu 1901 pomwe ansembe a Montfort anatsegula mishoni ya Nzama ku Ntcheu. A White Fathers anabwereranso mu 1902 n'kutsegula Mua, kenako Likuni ndi Kachebere mu 1903. Mishoni iliyonse inkasamalira dera loyenda masiku angapo wapansi, pomwe ansembe kawirikawiri ankakhala atatu basi.

Njira yomwe anaipeza inali ya sukulu za kumidzi. Kanyumba kaudzu kankakhala kalasi mkati mwa sabata ndi tchalitchi Lamulungu. Mphunzitsi wake ndiye ankaphunzitsa kuwerenga, katekisimu ndi nyimbo, kuitana anthu kumapemphero, kubatiza odwala mwakayakaya ndi kutsogolera mwambo wa maliro. A White Fathers ankafuna kuti wofuna ubatizo aphunzire zaka zinayi, ndipo pa zaka zonsezo munthuyo ankaonana ndi mphunzitsi kuposa wansembe. Mmalawi woyamba kukhala wansembe, Cornelius Chitsulo wa ku Mua, anadzozedwa mu 1937, patatha zaka 36 chitsegulire Nzama, ndipo anadzakhala episkopi ku Dedza mu 1957.

Ulamuliro tsono unali kumishoni, m'manja mwa azungu, koma moyo wa mpingo wa tsiku ndi tsiku unali m'manja mwa anthu wamba kuyambira pachiyambi. Akhristu a kumudzi anazolowera kusonkhana popanda wansembe, ndi kumva uthenga wochokera kumishoni ukuwerengedwa ndi mnzawo yemwe munda wake unachita malire ndi wawo. Chinayambitsa zimenezi ndi kuchepa kwa ansembe, osati nzeru zakuya za zaumulungu. Komabe chizolowezicho chinadzagwira ntchito yaikulu patsogolo.

Zaka za chete

Tisanawatamande aepiskopi, tinene poyera kuti anakhala chete nthawi yaitali. Chete ameneyu ali ndi gwero lake. Mu 1960 Chester Katsonga anayambitsa chipani cha Christian Democratic Party, ndipo Malawi News, nyuzipepala ya Malawi Congress Party, inadzudzula Arkiepiskopi wa Blantyre, John-Baptist Theunissen, kuti ndiye ankachilimbikitsa kumbali, n'kunena kuti Vatican ikufuna kulamulira dziko lino. Akatolika anaonedwa ngati anthu osafunira dziko ufulu wodzilamulira. Phunziro lomwe atsogoleri a mpingo anatolapo linali lakuti ndale n'zosayandikira.

Choncho pomwe dziko linasanduka la chipani chimodzi mu 1966, Kamuzu n'kukhala mtsogoleri wamuyaya mu 1971, mpingo unkamanga sukulu ndi zipatala, pakamwa uli duu. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 ndi 1975 anamenyedwa, kuwotcheredwa nyumba ndi kuthamangitsidwa m'dziko chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Mu 1983 nduna zitatu ndi phungu mmodzi, Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza, boma n'kumati inali ngozi ya galimoto. Mu 1987 Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College komanso Mkatolika, anatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1991. Pa zonsezi sipanatuluke kalata yodzudzula yoti iwerengedwe m'matchalitchi. Ine monga Mkatolika sindikuona chifukwa chobisira zimenezi, makamaka m'nyengo yomwe timauzidwa kuti tiulule zolakwa zathu.

Kalilombe ndi miphakati

Pansi pa chete ameneyu panali china chikumera. Msonkhano wa Vatican II, womwe unachitika pakati pa 1962 ndi 1965, unaphunzitsa kuti mpingo ndi anthu onse obatizidwa, osati ansembe ndi asisitere okha. Kuno kwathu, amene anatenga chiphunzitsochi n'kupita nacho kumidzi anali Patrick Kalilombe, mwana wa ku Mua, yemwe anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972. Kuyambira 1973 mpaka 1975 anachititsa sinodi ya dayosizi yake mwa njira yachilendo: mafunso ankayambira kumidzi, anthu wamba n'kukambirana, mayankho awo n'kumakwera kuparishi mpaka kudayosizi. Mfundo yaikulu inali yakuti mpingo ndife tonse, ndipo cholinga chinali mpingo wodzitumikira wokha, wodzifalitsa wokha ndi wodzidalira pachuma.

Bungwe la aepiskopi a m'maiko a kuvuma kwa Africa, AMECEA, linavomereza njira imeneyi pamisonkhano yake ya ku Nairobi mu 1973 ndi 1976, ndipo mu 1979 linakumana ku Zomba kudzaunika mmene ntchitoyo inkayendera. Zipatso zake ndi timagulu ta mabanja oyandikana nyumba tomwe m'chigawo chapakati timatchedwa miphakati, pomwe kumwera ambiri amati malimana.

Taganizirani zomwe zimachitika pa mphakati. Mabanja khumi kapena makumi awiri amakumana pakhonde la mmodzi wa iwo kapena pansi pa mtengo wa mango. Wina amawerenga Mthenga Wabwino, aliyense n'kunena zomwe watolapo. Kenako amafunsana: ndani akudwala, ndani denga lamugwera, mwana wa yani wasiya sukulu. Amasankha wapampando, mlembi ndi msungichuma. Amasonkha ndalama n'kufotokozerana mmene zayendera. Amayi, omwe nthawi zambiri ndiwo amachuluka, amayankhula abambo ali pomwepo. Palibe chandale pa zonsezi. Koma kumbukirani dziko lake. Msonkhano uliwonse unkayenera kukhala wa chipani, ndipo tcheyamani wa nthambi pamodzi ndi anyamata a malaya ofiira ankadziwa wolowa ndi wotuluka m'mudzi. M'dziko lotere, kuti anthu azikumana sabata ndi sabata, kusankha atsogoleri awoawo ndi kufunsana mafunso, sizinali zazing'ono.

Boma linazindikira zimenezi msanga kuposa Akatolika ambiri. Kalilombe anamuganizira kuti akukhazikitsa timagulu toukira chipani, ndipo mu 1976 anakakamizika kutuluka m'dziko. Anatula pansi udindo wake mu 1979, anakaphunzira ku Berkeley ku America, anaphunzitsa ku Birmingham, ndipo anabwerera kuno ulamuliro wa chipani chimodzi utatha. Episkopi anamuchotsa, koma miphakati inatsala. Ungamange bwanji gulu la amayi omwe akungopemphera kolona ndi kuphikira odwala phala?

Chifukwa chiyani Lenti?

Ambiri a ife tinakula tikudziwa Lenti ngati nyengo yoti munthu asiye kenakake: nyama Lachisanu, shuga mu tiyi, masiku ano Facebook kapena TikTok. Mbiri ya nyengoyi ikuonetsa zina. M'zaka za m'ma 300, pomwe masiku 40 okonzekera Pasaka anakhazikika, Lenti inali ya gulu. Inali nthawi yomwe ofuna ubatizo ankayesedwa pamaso pa mpingo wonse, ndipo ochimwa poyera ankalapanso poyera, kudikira kuti alandiridwenso Pasaka isanafike. Phulusa lomwe timapakidwa lero linayambira kwa olapa amenewa, ndipo patapita zaka mazana angapo mpingo wonse unayamba kulilandira, povomereza kuti palibe wosachimwa. Vatican II inabwezeretsa mfundoyi ponena kuti kulapa kwa Lenti kusamangothera mumtima mwa munthu payekha, koma kuzionekeranso kunja, m'kakhalidwe ka anthu pamodzi.

Ku Malawi Lenti ilinso ndi nkhope yakeyake. Imagwa mu Febuluwale ndi Malichi, nkhokwe zitatha, chimanga chili m'munda chisanache. Kuuza munthu wa kumudzi kuti asale kudya m'miyezi imeneyi n'kumuuza zomwe akuchita kale asakufuna. Funso la Lenti kumudzi silikhala loti ndisiye chiyani, koma loti ndani mwa ife wagona ndi njala, ndipo chifukwa chiyani. Mu 1992 funsoli linali lowawa zedi. Chilala chinali chitawotcha chimanga m'maiko ambiri a kumwera kwa Africa, dziko lino linkasunga anthu pafupifupi miliyoni imodzi othawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo Edzi inali itayamba kudzaza manda. Akhristu a m'miphakati sankafunika kuuzidwa zimenezi, chifukwa ndiwo ankachezera pamaliropo.

Lamulungu la pa 8 Malichi

Kalatayo, yomwe m'Chingelezi inatchedwa Living Our Faith, inasainidwa ndi atsogoleri a madayosizi asanu ndi awiri a nthawiyo: James Chiona wa Blantyre, Felix Mkhori wa Chikwawa, Mathias Chimole wa Lilongwe, Alessandro Assolari wa Mangochi, Allan Chamgwera wa Zomba, Gervazio Chisendera wa Dedza, ndi John Roche yemwe ankayendetsa dayosizi ya Mzuzu. Inasindikizidwa mwachinsinsi kwa a Montfort ku Balaka, makope pafupifupi 16,000 m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chingelezi, n'kutumizidwa m'maparishi m'dziko lonse. M'dziko momwe ankati ngakhale makoma amamva, boma silinathe kuiletsa isanawerengedwe. Chimenechi pachokha chikutiuza za kukhulupirirana komwe kunalipo pakati pa onyamula mitokomayo.

Inalembedwa ngati kalata ya Lenti, yoitana akhristu kuti atembenuke mtima. Kusiyana kwake n'kwakuti inatchula machimo ndi mayina awo. Inakamba za mpata waukulu pakati pa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa a antchito ndi mitengo yotsika yogulira mbewu za alimi, za ziphuphu ndi kukondera achibale, za makalasi odzaza ndi zipatala zosowa anthu ndi zipangizo. Inakambanso za anthu otsekeredwa m'ndende popanda kuzengedwa mlandu, za mantha oletsa anthu kuyankhula, za mphatso zokakamiza, ndi za kubwezedwa pamsika, pachipatala kapena pokwerera basi chifukwa chosowa khadi la chipani. Mthenga Wabwino wa tsikulo unali wa Luka, wonena za Yesu m'chipululu, pomwe Satana akumulonjeza ulamuliro wa maufumu onse akangomugwadira. Omvera sanafunike wowatanthauzira.

M'maparishi a m'tauni anawerenga ndi ansembe. Koma Akatolika ambiri a ku Malawi amapemphera m'nthambi ngati yathuyi, komwe pa Lamulungu wamba kutsogolo kumaima katekisiti kapena mtsogoleri wosankhidwa. Agogo anga amalikumbukira tsikulo. Amati wowerenga anali mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale, wolandira malipiro ku boma lomwelo, ndipo atafika pa nkhani ya makhadi mawu ake ananjenjemera, koma sanasiye. Poyamba tchalitchi chonse chinangoti zii, ena n'kumacheukira kukhomo. Kenako amayi anayamba kuvomereza chapansipansi. Ambiri mwa iwo, kuphatikizapo agogowo, khadi la chipani anali atalimanga pansonga ya chitenje. Palibe chomwe anamva chomwe sankachidziwa. Chatsopano chinali kuchimva mokweza, masana, aliyense akuona kuti mnzake nayenso wamva ndipo sanathawe.

Zotsatira zake zinabwera mofulumira. Pa 10 Malichi aepiskopi anafunsidwa mafunso ndi apolisi ku Blantyre kwa maola ambiri. Boma linalengeza kuti kalatayo ndi yolimbikitsa kuukira, ndipo kupezeka nayo kunasanduka mlandu. Pamsonkhano wadzidzidzi wa chipani ku Lilongwe, ena ananena poyera kuti aepiskopiwo aphedwe. Malo osindikizira mabuku a ku Balaka anatenthedwa. Patangotha sabata imodzi chiwerengere kalatayo, ophunzira a ku Chancellor College anaguba m'misewu ya Zomba poikira kumbuyo aepiskopi, koleji n'kutsekedwa, ndipo anzawo a ku Polytechnic ku Blantyre anatsatira. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Pa 17 Epulo, lomwe linali Lachisanu Loyera, John Roche analamulidwa kutuluka m'dziko. Zonsezi zinachitika pakati pa Lamulungu loyamba la Lenti ndi Pasaka. Amene ankayenda Njira ya Mtanda Lachisanu lililonse chaka chimenecho, n'kumamva za munthu wosalakwa woweruzidwa ndi wolamula wamantha, ayenera kuti ankaimva mosiyana ndi zaka zina.

Kenako moto unafalikira kunja kwa mpingo wa Katolika. Mu Meyi antchito a fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, zipolowe zinabuka ndipo anthu anaphedwa. Maiko othandiza anaimitsa thandizo losakhala la pangozi. Atsogoleri a CCAP, Anglican, Asilamu, maloya ndi amalonda anagwirizana ndi Akatolika n'kupanga Public Affairs Committee. Pa 14 Juni 1993 anthu 63 pa 100 alionse anavotera zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi anapambana chisankho.

Zomwe otsutsa anganene

Anzanga a m'kalasi ya ndale angandiuze kuti ndikukometsera mpingo wanga. Nkhondo ya mawu ya pakati pa America ndi Soviet Union inali itatha, ndipo azungu sankamufunanso Kamuzu. Nelson Mandela anatuluka m'ndende mu 1990. Ku Zambia, Frederick Chiluba anagonjetsa Kenneth Kaunda mu Okutobala 1991. Kamuzu mwiniwake anali atakalamba kwambiri. Zonsezi n'zoona, ndipo popanda izo kalatayo mwina ikanathera m'manda a anthu angapo. Komabe mphepo yochokera kunja siyankhula Chichewa. Panafunika malo ena m'mudzi momwe mawu akanamveka popanda kudzera ku MBC kapena kwa tcheyamani, ndipo parishi inali imodzi mwa malo ochepa otere omwe ankafika kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa.

Ena anganenenso kuti miphakati sinali sukulu ya demokalase, ndipo akhristu ake ambiri ankavina pamisonkhano ya chipani ngati wina aliyense. Ndikuvomereza. Sindikunena kuti mphakati unakonza zoukira boma. Ndikunena kuti unasunga maluso omwe ulamuliro wa chipani chimodzi unkafuna kuti afe: kumvetsera mawu olembedwa n'kuwayeza ndi moyo wako, kukhulupirira mnansi wako, ndi kuona njala ya mnzako ngati nkhani yokukhudza. Tsiku lomwe maluso amenewa anafunika, anapezeka alipo.

Nanga ife?

Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti ife ophunzira timakonda mbali ya nkhaniyi yomwe ili ndi mayina. Aepiskopi akatulutsa kalata masiku ano, ndipo amatulutsabe kawirikawiri m'nyengo ya Lenti, timaigawana pa WhatsApp, kukangana ngati ikukondera chipani ichi kapena icho, n'kuiiwala Lachitatu lisanafike. Ambiri a ife tikamaliza maphunziro n'kupeza ntchito m'tauni timapita ku Misa, mtulo timatumiza pa foni, koma ku mphakati sitipondako. Timati ndi za amayi achikulire. Dzina timalembetsa kuti tikadzafuna ukwati kapena kukadzagwa zovuta tisadzavutike ndi kalata ya wapampando.

Miphakati nayonso ili ndi mlandu wake. M'malo ambiri msonkhano umathera pa zopereka: za nyumba ya ansembe, za yunifolomu, za kulandira alendo. Wosauka amene walephera kusonkha amachita manyazi n'kusiya kubwera, chonsecho ndi amene mphakati unapangidwira. Ngati gulu lomwe linayambitsidwa kuti lifunse ndani wagona ndi njala lasanduka lofunsa ndani sanapereke, ndiye kuti taluza zomwe boma linaopa mu 1976. Koma sitingakonze zimenezi tili kunja. Amene taphunzira kuwerenga bajeti ya boma ndi malamulo a dziko tikufunika pakhonde paja, osati kukaphunzitsa ayi, koma kukamva zomwe ziwerengero zathu zimatanthauza kwa mayi amene feteleza wamudutsa chaka chino.

Mapemphero a phulusa atatha, bambo aja anatsuka chala chawo m'kabeseni, anatseka kachitini, n'kulengeza kuti mphakati wathu ukumana Lachinayi madzulo kwa mayi wina wamasiye yemwe khoma la nyumba yake linagwa ndi mvula, ndipo aliyense abwere ndi khasu. Ndinapita. Tinalipo anthu 14, ndipo wa ku yunivesite ndinali ndekha. Ntchito yoponda dothi inanditulutsa matuza, ndipo amayi anandiseka mokwanira. Tisanabalalike, anawerenga Mthenga wa Lamulungu likubwerali, wa Yesu m'chipululu, n'kundifunsa kuti ine ndatolapo chiyani.